Chifukwa Chake Mowa Sukoma Mofanana kwa Wanjala ndi kwa Wokhuta

Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi anthu akumwa amadziwa kuti mowa womwedwa m'mimba mulibe kanthu umaledzeretsa msanga, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kufotokoza. Gawo lalikulu la mowa limalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono, choncho chifu chikakhala ndi nsima, nyama kapena nyemba, khomo lake lotulukira limatseguka pang'onopang'ono ndipo mowa umachedwa kufika kumene umayamwidwa. Chifu chikakhala chopanda kanthu, kachasu amadutsa mofulumira n'kufika mu ubongo ali wochuluka pa nthawi imodzi. Komabe funso limene latangwanitsa asayansi kwa zaka zoposa 20 tsopano likupitirira pamenepa. Iwo akufuna kudziwa chimene chimachititsa kuti ubongo, mowa ukaufika, uuone ngati chinthu choyenera kuchifunanso mawa, ndiponso chifukwa chake chibaba chimenechi chimakula kapena kuchepa malinga ndi zimene munthu wadya.

Yankho limayambira pa kanjira kakang'ono ka minyewa kamene kali mkatikati mwa ubongo. Mu 1954, James Olds ndi Peter Milner a pa yunivesite ya McGill mumzinda wa Montreal anaika tiwaya tamagetsi m'malo ena a ubongo wa makoswe, ndipo anaona makoswewo akudina kachitsulo mobwerezabwereza kuti adzilowetse timagetsito. Kafukufuku wa zaka zotsatira anasonyeza kuti pakati pa zonsezi pali maselo a m'dera lotchedwa ventral tegmental area, amene amatumiza mankhwala achilengedwe otchedwa dopamine kudera lina lotchedwa nucleus accumbens. Anthu ambiri amanena kuti dopamine ndiye amabweretsa chisangalalo, koma akatswiri ambiri masiku ano amaona kuti ntchito yake yaikulu ndi kuika chizindikiro pa chinthu kuti n'chofunika, kotero kuti fungo lake, malo amene chinapezeka ndi anthu amene analipo zimasanduka zokopa. Mowa umachulukitsa dopamine m'kanjira kameneka, ndipo umachititsanso ubongo kutulutsa mankhwala ake ofanana ndi morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu. N'chifukwa chake naltrexone, amene amatseka malo olandirira mankhwala amenewa, anavomerezedwa ku United States mu 1994 kuti azithandiza anthu ofuna kusiya uchidakwa.

Kanjira kameneka kanalipo kalekale anthu asanaphunzire kufulula mowa, ndipo ntchito yake inali yoti nyama izifunafuna chakudya, madzi ndi mnzake wobereka naye. Pofuna kugwira bwino ntchitoyi, ubongo umayenera kudziwa ngati thupi lili ndi njala kapena lakhuta, ndipo uthengawu umaulandira kudzera m'mahomoni, amene ndi mankhwala achilengedwe onyamula uthenga m'magazi, ochokera m'chifu, m'matumbo, m'chiwindi, m'kapamba ndi m'mafuta a m'thupi. Maselo a dopamine aja ali ndi timalo tolandirira mahomoni angapo oterewa. Thumba la chimanga limakhala lomwelo mu Febuluwale ndi mu Meyi, koma mtengo wake umasiyana kwambiri chifukwa cha zimene zili m'nkhokwe za anthu; mahomoniwa nawonso amakweza kapena kutsitsa mtengo umene ubongo umaika pa chinthu chimene thupi lalandira. Mowa umalowa m'dongosolo limeneli mwa njira ziwiri, zimene sizichitika ndi fodya kapena chamba. Umagwira ubongo monga mankhwala osokoneza bongo, komanso ndi chopatsa mphamvu, pakuti galamu imodzi ya mowa weniweni ili ndi makilokalori (muyezo wa mphamvu ya chakudya) 7, pamene shuga ali ndi 4 ndipo mafuta ali ndi 9.

Homoni imene inatsegula maso a ofufuza ndi ghrelin, imene Masayasu Kojima, Kenji Kangawa ndi anzawo anaitulukira ku Japan mu 1999. Imapangidwa makamaka m'chifu, imachuluka m'magazi nthawi ya chakudya ikamayandikira ndipo imatsika munthu akadya. Poyamba anthu ankaiona ngati belu la njala basi, mpaka pamene gulu la Elisabet Jerlhag ndi Jörgen Engel la pa yunivesite ya Gothenburg ku Sweden linasonyeza kuti imadzutsanso maselo a dopamine. Mu 2009 gululi linafalitsa zotsatira zimene zimatchulidwabe kwambiri mpaka lero. Mbewa zimene anazithira ghrelin mu ubongo zinamwa mowa wochuluka, ndipo zimene anazipatsa mankhwala otseka malo olandirira ghrelin zinamwa wochepa. Chochititsa chidwi koposa chinaoneka pa mayeso a zipinda. Mbewa imaikidwa m'bokosi la zipinda ziwiri zosiyana maonekedwe, imapatsidwa mowa m'chipinda chimodzi kwa masiku angapo, kenaka imasiyidwa kuti isankhe yokha kokhala. Mbewa wamba imakonda chipinda chimene inkamweramo, koma mbewa zimene uthenga wa ghrelin unatsekedwa sizinasonyeze kukonda kumeneku, ndiponso dopamine sanakwere mu nucleus accumbens monga mwa nthawi zonse. Mowa unali m'magazi ndithu, koma chikoka chake chinali chitazilala.

Kwa anthu, umboni woyamba wamphamvu unachokera kwa Lorenzo Leggio ndi anzake mu 2014. Iwo anapereka ghrelin kudzera mu mtsempha kwa anthu omwa kwambiri, ena n'kuwapatsa madzi opanda mankhwala, kenaka anawanunkhiritsa mowa umene amaukonda. Amene analandira ghrelin wochuluka ananena kuti chibaba cha mowa chakula, pamene chilakolako cha madzi a zipatso sichinasinthe. Munthu angayembekezere kuti mankhwala otseka ghrelin athetsa vuto lonse, koma sizinayende choncho. Mankhwala oterewa, amene kampani ya Pfizer inawapanga poyamba ndi cholinga chochiza matenda a shuga, anapatsa chiyembekezo pa mayeso aang'ono oyambirira, koma pa mayeso otsatira sanachepetse chibaba cha mowa monga ankayembekezera. Chinanso chosokoneza n'chakuti mowa wokha umatsitsa ghrelin m'magazi kwa maola angapo, ndiponso malo olandirira homoniyi amatumiza uthenga wina ngakhale homoniyo palibe. Choncho kuyeza kuchuluka kwa ghrelin m'magazi a munthu sikungatiuze mwachindunji mmene ubongo wake ukumvera.

Homoni imene yatchuka kwambiri m'zaka zaposachedwa imagwira ntchito yotsutsana ndi ghrelin. Dzina lake ndi GLP-1, imatuluka m'matumbo munthu akadya, ndipo imapangidwanso ndi maselo ena a m'tsinde la ubongo amene ali ndi nthambi zofika m'kanjira ka dopamine kaja. Imathandiza kapamba kutulutsa insulin, imachedwetsa chifu kukhuthula chakudya ndipo imabweretsa kumva kukhuta. Vuto lake n'lakuti m'magazi imaphwanyidwa patangopita mphindi zochepa, ndipo njira yolizembera inachokera kosayembekezeka. Dokotala John Eng wa ku New York anapeza m'malovu a buluzi wa ululu wa m'zipululu za kumwera chakumadzulo kwa United States, wotchedwa Gila monster, mankhwala ofanana ndi GLP-1 koma okhalitsa. Kuchokera pamenepo kunabwera exenatide, ndipo pambuyo pake kunapangidwa liraglutide ndi semaglutide; womalizayu ndiye amagulitsidwa m'maina a Ozempic ndi Wegovy kwa odwala shuga ndi onenepa kwambiri.

Mu 2013 gulu la ku Gothenburg lija linasonyeza kuti mankhwala ochokera kwa buluziyu amachepetsa kumwa kwa makoswe ndi mbewa ndiponso amaletsa kukwera kwa dopamine kobwera ndi mowa. Zofananazo zinaoneka mwa apusi a pa chilumba cha St Kitts ku Caribbean, amene makolo awo anatengedwa kuchokera ku Africa zaka mazana angapo zapitazo, ndipo ena mwa iwo amamwa mowa mwa kufuna kwawo. Koma pamene madokotala a ku Copenhagen anayesa exenatide pa anthu 127 kwa masabata 26, zotsatira zimene anafalitsa mu 2022 zinali zogwetsa ulesi: masiku omwa mopitirira muyeso anatsika mofanana kwa olandira mankhwala ndi kwa olandira jakisoni wopanda mankhwala. Komabe zithunzi za ubongo zinasonyeza kuti mwa olandira exenatide, madera a chikoka aja sankadzuka kwambiri akaonetsedwa zithunzi za mowa, ndipo m'kagulu ka onenepa kwambiri kumwa kunatsikadi. Mu 2025, Christian Hendershot ndi anzake anafalitsa kafukufuku wochitikira pa yunivesite ya North Carolina wokhudza anthu 48 amene theka lawo linalandira semaglutide wochepa kwa masabata 9. Iwo anamwa mowa wocheperapo atapatsidwa mwayi womwa m'chipinda choyezera, chibaba chawo chinatsika, ndipo pa tsiku lomwa ankamwa pang'ono, ngakhale kuti chiwerengero cha masiku omwa sichinasinthe. Anthu 48 m'masabata 9 ndi ochepa kwambiri moti sangakhale maziko a chithandizo, koma chooneka bwino n'chakuti mankhwalawa sanawaletse kuyamba kumwa. Anawathandiza kulekeza msanga, monga mmene homoni ya kukhuta ingachitire.

Chiwindi nachonso chili ndi mawu pa nkhaniyi. Munthu akamwa mowa, chiwindi chimatulutsa homoni yotchedwa FGF21, imene imachuluka kambirimbiri m'magazi patangopita maola ochepa, ndipo imakweranso munthu akadya shuga wambiri kapena akamadya zakudya zoperewera mapuloteni. Steven Kliewer ndi David Mangelsdorf a ku Dallas anasonyeza mu 2016 kuti homoniyi imachepetsa kukonda zotsekemera ndi mowa mwa mbewa. Chaka chomwecho, kafukufuku wa chibadwa cha anthu oposa 100,000 anapeza kuti kusiyana kwakung'ono m'chidutswa cha DNA chopanga beta-Klotho, puloteni imene FGF21 amadalira kuti amveke mu ubongo, kumayendera limodzi ndi kuchuluka kwa mowa umene anthu amamwa. Mu 2022 gulu la Matthew Potthoff la ku Iowa linapereka mankhwala ofanana ndi FGF21 kwa apusi okonda mowa, ndipo kumwa kwawo kunatsika ndi theka. Maganizo a ofufuza ambiri ndi akuti chiwalo chimene chimavulazidwa kwambiri ndi mowa chinapeza njira youza ubongo kuti zakwana, mwina kuyambira nthawi imene nyama zinkadya zipatso zowola zokhala ndi shuga ndi mowa pamodzi. Munthu wa kwathu kuno, kumene mbale zambiri zimadzaza nsima koma ndiwo za mapuloteni zili zochepa, angakopeke kunena kuti ndiye kuti kadyedwe kotere kamateteza ku uchidakwa. Zimenezo n'kulumpha mtsinje usanafike pa gombe, pakuti kuperewera kwa mapuloteni kumafooketsa chiwindi chomwecho chimene chikulimbana ndi mowa.

Palinso leptin, amene amachokera m'mafuta a m'thupi ndipo anatulukiridwa ndi Jeffrey Friedman mu 1994, komanso insulin wa m'kapamba. Onse awiri amauza ubongo za nkhokwe ya mphamvu imene thupi lasunga, ndipo onse amakhudza maselo a dopamine, koma umboni wa gawo lawo pa mowa ndi wosakanikirana kuposa wa mahomoni atatu aja.

Tikafika pa zakudya zenizeni, zinthu zimavuta kwambiri, ndipo apa ndi pamene nkhani zambiri za pa intaneti zimanamiza anthu. Chinthu chimodzi chokhazikika ndi cha njala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, Marilyn Carroll ndi Richard Meisch a ku Minnesota anasonyeza mobwerezabwereza kuti nyama zimene zachepetsedwa chakudya zimadzipatsa mankhwala osokoneza bongo ochuluka, kuphatikizapo amene alibe mphamvu ya chakudya m'kati mwake. Izi zikutanthauza kuti njala siingochititsa nyama kufunafuna makalori, koma imanola kanjira konse ka chikoka. Pa shuga, Nicole Avena ndi Bartley Hoebel a ku Princeton anapeza mu 2004 kuti makoswe amene ankamanidwa chakudya kwa maola 12 kenaka n'kupatsidwa madzi a shuga tsiku lililonse, anadzamwa mowa wambiri kuposa anzawo. Mwa anthu, Alexey Kampov-Polevoy anaona kuti amuna ambiri a vuto la uchidakwa ankakonda madzi otsekemera mopitirira muyeso kuposa amuna ena, ndipo ogwira ntchito m'malo othandiza osiya mowa amadziwa mmene odwala awo amafunira maswiti ndi tiyi wa shuga wambiri m'masabata oyamba.

Mafuta ndi amene amasokoneza kwenikweni. Sarah Leibowitz wa pa yunivesite ya Rockefeller anasonyeza kuti chakudya cha mafuta ambiri chimachititsa makoswe kumwa mowa wochuluka, ndipo mowa nawo umawachititsa kufuna mafuta, chifukwa zonse ziwiri zimachulukitsa mafuta oyenda m'magazi ndiponso mankhwala a mu ubongo monga galanin amene amadzutsa chilakolako cha zonse ziwiri. Komatu Sunil Sirohi ndi Jon Davis anapeza zosiyana mu 2017: makoswe amene ankapatsidwa chakudya cha mafuta mwa apo ndi apo, masiku ena ayi, anamwa mowa wochepa. Magulu ena apeza kuti nyama zimene zanenepa chifukwa chodya mafuta kwa nthawi yaitali zimachepetsa kumwa. M'kuona kwanga, kusagwirizana kumeneku sikusonyeza kuti wina analakwitsa. Kukusonyeza kuti funso lakuti chakudya chakuti chimawonjezera kapena kuchepetsa kumwa n'lopereweza, chifukwa mbale imodzi ya mafuta, mwezi wathunthu wa mafuta, ndi mafuta obwera pambuyo pa kumanidwa, zimasiya mahomoni pa milingo yosiyana kotheratu. Ubongo umamva mbiri ya kadyedwe, kuphatikizapo nthawi, kudumphadumpha kwake ndi kulemera kumene thupi lafika.

Kafukufuku mmodzi wa anthu amene anayesa chakudya ngati chithandizo anachitika ku chipatala cha National Institutes of Health ku Bethesda, motsogozedwa ndi Corinde Wiers ndi Nora Volkow, ndipo anafalitsidwa mu 2021. Maziko ake anali akuti chiwindi chikamaphwanya mowa chimatulutsa mankhwala otchedwa acetate, ndipo ubongo wa munthu womwa kwambiri umazolowera kugwiritsa ntchito acetate ameneyu monga gwero la mphamvu m'malo mwa gawo lina la shuga. Munthu akasiya mwadzidzidzi, gwero limenelo limauma. Ofufuzawo anapatsa ena mwa odwala 33 chakudya cha mafuta ochuluka kwambiri ndi zokhuthala za ufa ndi shuga zochepa zedi kwa masabata 3, kuti chiwindi chizipanga maketoni, mankhwala ochokera ku mafuta amene ubongo ungagwiritse ntchito mofanana ndi acetate. Amene anadya motero anafunika mankhwala ochepa oziziritsa kunjenjemera ndi nkhawa m'sabata yoyamba. Izi zinachitika m'chipatala, pamaso pa madokotala, ndipo n'zoopsa kuziyesa panyumba, chifukwa munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka, kugwidwa khunyu ngakhale kufa.

Umboni umene ndimauona kuti ndi wolemera kwambiri mwa anthu sunachokere ku mayeso a chakudya koma ku opaleshoni. Anthu onenepa mopitirira muyeso nthawi zina amachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu n'kuchilumikiza ku matumbo a kutsogolo. Kafukufuku wa Wendy King ndi anzake, wofalitsidwa mu 2012, anatsatira odwala pafupifupi 2,000 ku United States ndipo anapeza kuti amene anali ndi zizindikiro za vuto la mowa anali 7.6 pa 100 alionse opaleshoni isanachitike, koma m'chaka chachiwiri anafika pa 9.6, makamaka pakati pa olumikizidwa matumbo aja. Chodabwitsa n'chakuti opaleshoniyi imachulukitsa kwambiri GLP-1 wotuluka munthu akadya, homoni imene timayembekezera kuti ichepetse kumwa. Kufotokoza kwake kwakukulu n'kwakuti chifu sichithanso kusunga mowa, kotero kuti umafika m'magazi m'mphindi zochepa ndiponso pa mlingo wokwera pafupifupi kawiri, ndipo chinthu chilichonse chosokoneza bongo chimakola msanga munthu chikamafika mu ubongo mofulumira. Apa liwiro la mowa linagonjetsa uthenga wa homoni, zimene zikusonyeza kuti mahomoniwa amakankha chibaba kupita uku kapena uko, koma sachilamulira okha.

Uthengawu umayendanso mobwerera, kuchoka ku mowa kupita ku njala. Mu 2017, gulu la Denis Burdakov la pa Francis Crick Institute ku London linasonyeza kuti mowa umadzutsa maselo a mu ubongo otchedwa AgRP, amene nthawi zonse amayaka thupi likakhala pa njala yeniyeni, ndipo mbewa zinadya mopitirira ngakhale kuti zinali zitalandira kale mphamvu kuchokera mu mowawo. Ataziziritsa maselowo, kudya kowonjezerako kunatha. Ogulitsa kanyenya ndi tchipisi pakhomo la malo omwera mowa amapindula ndi zimenezi tsiku ndi tsiku. Koma kwa munthu amene uchidakwa wamuzika mizu, zinthu zimatembenuka: mowa umatenga malo a chakudya, ndalama ya ndiwo imathera ku botolo, ndipo matumbo owonongeka amalephera kuyamwa mavitamini. Munthu wotereyu amakhala m'njala yosatha imene, malinga ndi zonse zafotokozedwazi, imakweza chikoka cha mowa womwe ukumuwonongawo. Vitamini amene amasowa mofulumira ndiponso moopsa ndi B1, amene kuperewera kwake kumabweretsa matenda a Wernicke, odziwika ndi kusokonezeka maganizo, kudzandira poyenda ndi kuvuta kwa kayendedwe ka maso, ndipo akachedwa kuthandizidwa amasiya kuiwala kosachiritsika. N'chifukwa chake madokotala akalandira chidakwa chofooka ndi njala amachipatsa vitamini B1 asanachiike diripi ya shuga kapena pa nthawi yomweyo, popeza shuga wolowa m'thupi losowa vitaminiyu akhoza kufulumizitsa kuwonongeka kwa ubongo.